Mpingo wa Pakhonde la a Teleza

Mayi Fainess Namakhwa athyola tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu pa esiteti ina kufupi ndi Masambanjati. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo iwo anabadwira m'malayini momwemo, m'nyumba za antchito. Sukulu analekezera Sitandade 5. Akapitawo onse ankadziwa zinthu ziwiri za iwo: m'dengu mwawo simupezeka tsamba lokhwima, ndipo Loweruka musawayembekezere kumunda, chifukwa ndi Sabata.

Tchalitchi chawo chinali kutali, maola awiri wapansi, kutsika chigwa n'kukweranso. Ankayenda ndi a Teleza, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, amene anawaphunzitsa kuthyola tiyi adakali mtsikana. Chaka cha 2011 miyendo ya a Teleza inayamba kutupa mpaka nsapato zinaleka kulowa.

Sabata lina m'mawa a Fainess anawapeza atakhala pakhonde, atasamba, atamanga duku lawo loyera.

"Mwavaliranji, amayi, poti simuyenda?"

"Ndazolowera, mwanawe. Kazipita, ukandipempherereko."

A Fainess anayenda mpaka pa mabulugamu a kumapeto kwa malayini. Anaima pamenepo kanthawi, mtima ukuwawa. Kenaka anatembenuka, nabwerera kudzayala chitenje pafupi ndi mayiwo. Anaimba nyimbo ziwiri, ina m'Chilomwe. A Fainess anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, fanizo la kambewu ka mpiru kamene kamakula mpaka mbalame kumangamo zisa.

A Teleza anaseka mpaka kutsokomola. "Mpiru womwewu timathyola kudimba? Ine sindinauonepo utasanduka mtengo."

"Mwina wakwawoko ndi wina," anatero a Fainess, nawonso akuseka.

Amuna awo, a Ephraim, omwe anali mlonda kufakitale, atamva anapukusa mutu. "Amake Joan, mpingo wa anthu awiri? Wolalikira ndinu, womvera a Teleza. Nanga kwaya ndi nkhukuzi?"

Sabata lotsatira a Fainess anapitanso kwa a Teleza. Sabata lachitatu kunabwera Miriam, mayi woyembekezera amene chitunda cha panjira ya kutchalitchi chinkamulepheretsa. Kenaka anabwera a Jeremiya, nkhalamba yosaona imene kale inkadulira tiyi. Iwowo sanali a mpingo uliwonse, koma anamva nyimbo ya Chilomwe imene amayi awo ankaimba, ndipo anatsatira mawuwo ndi ndodo yawo.

Patapita miyezi itatu, a Nathaniel, mkulu wa mpingo, anakwera chitunda kudzafunsa chimene a Fainess analekera kupemphera. Anapeza anthu khumi ndi anayi atakhala pamikeka, ena padzuwa. A Fainess atawaona anatsiriza kaye ndime imene ankawerenga.

"Mayi Namakhwa, chilolezo anakupatsani ndani?"

"Palibe, bambo. Ndinangoona kuti Mulungu sangakane kufika pakhonde chifukwa munthu watupa miyendo."

A Nathaniel anayang'ana miyendo ya a Teleza, nayang'ana a Jeremiya. Anavula nsapato, nakhala pamkeka. Potsanzika anati azitumiza mlaliki kamodzi pamwezi, ndipo anasungadi mawu awo.

Khonde linachepa. Pamalo a esiteti sakanatha kumangapo tchalitchi, choncho a Jeremiya anapereka ngodya ya kamunda kawo, kutsidya kwa malire. Lamulungu lililonse amayi ankatunga madzi, abambo n'kumaumba njerwa. Wootcha uvuni woyamba anali a Ephraim omwe aja, ndipo mpaka lero amakana kwamtuwagalu kuti ananenapo za nkhuku.

Makoma atafika pamawindo, m'chaka cha 2016, a Teleza anamwalira. A Fainess anafooka. Miyezi iwiri yathunthu sanaponde pamalopo, udzu n'kumera m'kati mwa chimangocho. Amene anakawadzutsa ndi Miriam. Anafika m'mawa khasu lili paphewa, naima pakhomo.

"Amayi, ife tikukalambula. Koma anthu akufunsa kuti pemphero ayambe ndani."

A Fainess anamanga chitenje, natenga khasu lawo.

Tchalitchicho chinatsegulidwa mu Novembala 2019. Si chachikulu, ndipo pansi pake anazira ndi dothi zaka ziwiri asanathire simenti. Lero mumapemphera anthu opitirira zana limodzi ndi makumi atatu, othyola tiyi, alimi a nthochi, ngakhale namwino mmodzi. Amayi a Dorika akumeneko ali ndi lamulo lawo: munthu akalephera kuyenda, awiri amapita kukapemphera naye kwawo tsiku la Sabata lomwelo. Amayi a ku Nsabwe anabwera kudzaona mmene amachitira, ndipo nawonso anayamba.

Tsiku lotsegulira, abusa ochokera ku mishoni anaitana a Fainess kutsogolo kwa khamu lonse n'kuwapatsa kiyi. A Ephraim anali atavala jekete lobwereka, akuuza aliyense woyandikana naye kuti, "Akazi anga amenewo." M'zala za a Fainess, zong'aluka ndi tiyi, kiyi anakana kawiri. Kachitatu loko anatseguka, amayi n'kululutira.

Abusa anawapempha kuti alankhulepo. A Fainess anayang'ana anthuwo, nayang'ana mitambo imene inali itada mbali ya ku Khonjeni.

"Lowani, abale," anatero. "Mvula ikubwera. Okalamba ayambe."