Tsiku Limene Bambo Anafukiza Lole

Fungo la chingambwe likandipeza, ndimaona lole ya amalume itayasamula pansi pa mtengo wa mango ku Mtakataka.

Bambo anali atangoisinthira paipi yolowetsa mpweya mu injini, koma atailiza, inayamba kunjenjemera ndi kutsokomola. Mawa lake inkayenera kunyamula achemwali anga kupita ku ukwati wawo ku Mua.

"Ndiye mkwatibwi ayende wapansi?" anafunsa amayi.

Bambo, munthu wosasuta, anapempha chingambwe kwa amalume n'kumayendetsa utsi wake m'mbali mwa paipiyo. Ine ndinati basi akuifukiza, monga ankandichitira amayi ndikadwala chifuwa. Ndinathamangira kunyumba, n'kubwera ndikukhwekhwereza bulangete.

"La chiyani limenelo, mwanawe?" anafunsa bambo.

"Muifunditse. Mankhwala akuthawa."

Amalume anaseka mpaka kukhala pansi. Bambo maso anali pa utsi, umene unkamwedwa pakampata polumikizira paipi. Atalimbitsa mabawuti a pamenepo, injini inalira mosalala.

Bulangete lija anakhalira achemwali pa lole, kuti diresi isade.

Ndinadzadziwa nditakula kuti injiniyo inkangoyamwa mpweya pakampata paja, komabe mpaka lero ndimati tinaichiritsa awiri.