Mandala Anga ndi Nthambi ya Nkhadze

Anzanga, zimene ndikulembazi si nthano ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo ambiri mwa anthu amene anandigwira manja tsiku lija akadali moyo, akuthyolabe tiyi pa esiteti yomweyo, n'chifukwa chake sinditchula dzina la munthu ngakhale mmodzi. Panopa ndili m'kalasi lomaliza pa sukulu yogonera ya atsikana ku mishoni, koma nthawi imeneyo ndinali kamtsikana kosatha msinkhu, ndikukhala ndi amayi m'nyumba za antchito kumunsi kwa fakitale, cha ku Masambanjati. Abambo anali atapita ku migodi, osamvekanso.

Ine ndinabadwa ndi maso osaona patali, koma ndikanadziwa bwanji? Ndinkayesa kuti aliyense amaona phiri ngati utsi. Kunyumba ankanditcha wamwano chifukwa sindinkapereka moni kwa akuluakulu mpaka atafika pamphuno, kusukulu ndinkakwapulidwa chifukwa cholemba pa sileti zosiyana ndi za pa bolodi. Aphunzitsi athu ndiwo anazindikira, nanditengera kwa dokotala wa ku mishoni, amene anandiyesa ndi timagalasi tosiyanasiyana, ndipo patapita miyezi mandala anga anafika. Tsiku loyamba kuwavala ndinaima pakati pa njira ngati wopenga, poti munda wa tiyi umene ndinkauona ngati nsalu imodzi yobiriwira unali ndi masamba, tsamba lililonse palokha, ndipo amayi ndinawazindikira ali kutsidya kwa chigwa, dengu kumsana.

Koma kumbukirani kuti pa esiteti yonse ovala mandala anali akalaliki a ku ofesi ndi abusa basi. Ndiye pabwere mwana wa mayi wothyola tiyi, wa mapazi a ming'alu, galasi pamphuno? Amayi anzawo a kumunda anayamba kunditcha adona, ena ankagwada mwachipongwe n'kumafunsa ngati adona alola kuti akawatungire madzi osamba, anyamata ankati ndiwaonere ngati sitima yafika ku Limbe. Komabe onsewo ankafuna kuyesako, ndipo mukudziwa kuti kwathu mchere, singano ndi lezala zimayenda khomo ndi khomo, mwana sangamane mkulu chinthu chimene wapempha. Amayi anati ndisawachititse manyazi, ndizipereka ndi manja awiri.

Anthu ankaganiza kuti mandala ndi mankhwala a nthenda iliyonse ya maso. Alonda okalamba amene anali ndi ng'ala, diso loyera ngati mkaka, anawavala tsiku lathunthu, n'kubweza ali okwiya, amvekere mwanayu wawatseka ndi mawu achizungu kuti azimvera iye yekha. Mayi wina amene tsitsi la zikope zake linapindikira m'kati, misozi ikungotsika chaka chonse, anawavala, anawapukuta ndi nsonga ya nsalu yomwe ankapukutira manthongo, n'kupatsira mnzake. Ena ankaveka makanda kuti aseke. Palibe amene anathandizidwa, onse ankangoti mutu ukuzungulira.

Nyengo ya mango itafika, ntchentche zili ng'a, maso ofiira anagwa m'nyumba za antchito. Ana ankadzuka zikope zitamatana, akulira kuti muli mchenga m'maso, ndipo khanda la mayi wa khomo loyandikana ndi lathu, amene amayi ankamutcha achemwali ngakhale panalibe ubale, linatupa maso kwa masiku ambiri, ndipo pamene diso lamanzere linatseguka linali ndi chilema choyera pakati. Ine nthendayo inandilambalala, mwina chifukwa aphunzitsi ankatikakamiza kusamba kumaso ndi sopo m'mawa uliwonse, koma ndani akanamva zimenezo? Mwamuna wa mayi uja anapita kukaombeza ku Khwethemule, ndipo anabwera ndi yankho limene linalowa m'mitu ya anthu ngati madzi mu mchenga. Akuti mwana amene dzana sankaona mbuzi ili pakhomo, lero akuwerenga anthu kutsidya kwa chigwa, kuona kumeneko wakutenga kuti? Akuti mandala ndinkawabwereketsa dala kuti aziyamwa kuona kwa ana a eni, ine n'kumakumwa ndi maso anga, ndipo kuti kubwerere kwa eni ake, maso angawo azime.

Linali Lamulungu masana, titangochoka ku tchalitchi, ena akadali ndi zovala zawo zopempherera. Ndinali kutsuka mbale kuseri pamene ndinamva mapazi ambiri, ndipo ndisanaime anandigwira amayi awiri amene ndinkadya m'nyumba zawo, nandikokera pabwalo, nandigoneka chagada. Mmodzi anakanikiza mutu wanga pakati pa mawondo ake. Ankalankhula Chilomwe chokhachokha, monga amachitira akulu akakwiya, ena akuti bweza maso a mwana mfiti iwe, ena akuti adona lero aona bwino. Bambo wa khanda uja anabwera ndi nthambi ya nkhadze yongothyola kumene pa mpanda, utomoni woyera ukudontha. Ndani mwa inu sadziwa chimene nkhadze imachita ikagwera m'diso? Ine ndinali nditaonapo ng'ombe itachita khungu nayo. Chimene sindiiwala n'chakuti mandala anali akadali pamaso panga, motero ndinaliona bwino lomwe dontho lija likukula kunsonga kwa nthambi, ndinaonanso nkhope ya bamboyo, ndipo sinali nkhope ya chigawenga ayi, anali akulira.

Amayi anatulukira akuthamanga kuchokera kuchitsime. Sanalimbane ndi munthu, akanatha bwanji okha? Anangolowetsa mkono pakati pa nthambi ndi nkhope yanga, utomoni n'kuwagwera pa dzanja, anandivula mandala, n'kuwakweza m'mwamba kuti onse aone. Anati alamu, dikirani, inu achemwali, tamverani, mwanayu ndinamubereka ndine ndipo maso ake ndi opanda pake kuyambira m'mimba, ngati pali kuona kobedwa sikuli m'mutu mwake, kuli mu galasi umu, ndiye mukufuna kuphwanya mtsuko wopanda kanthu n'kusiya wodzaza? Anthu asanayankhe anaika mandala pa mwala wa mphero, natenga musi, nasinja. Anasinja mpaka galasi linasanduka ufa, waya n'kupindika, ndipo ine ndinalira kuposa mmene ndinalirira poona nkhadze ija, Mulungu andikhululukire.

Kenaka anandiimika n'kuuza anthuwo kuti andifunse amene waima pansi pa mtengo wa mango. Ndinayang'ana, ndinatsinzina pang'ono, ndinangoona chithunzi choyera, ndipo ndinati ndi abusa. Anali alonda a ng'ala aja, atafunda thumba la ufa. Wina anaseka, ena n'kutsatira, kuseka koipa, amvekere adona abwerera kwawo ku mdima. Bambo uja anataya nthambi, gulu linabalalika, amayi n'kukatsuka dzanja lawo limene linatuluka matuza.

Diso la khanda lija silinachire, ndipo mayi wake mpaka lero ndikapita ku tchuthi amalavula ndikamadutsa. Ine ndinakhala chaka chonse mu utsi wanga wakale, nditakhala pansi pa bolodi penipeni, mpaka a ku mishoni anandipezera mandala ena, amene popita kwathu ndimawavula ndikangoona denga la fakitale.

Kuno kusukulu timathandiza m'chipatala Loweruka, ndipo ndaphunzira kuti mandala sachiza nthenda, amangowongolera kuwala m'diso limene silitha kuona patali kapena pafupi, n'chifukwa chake a munthu wina sangakukwane. Ng'ala imafuna mpeni wa dokotala, zikope zopindika nazonso zimafuna dokotala, ndipo maso ofiira amayenda ndi ntchentche, zala, nsalu ndi chilichonse chokhudza kumaso. Anthu aja sindidana nawo, anali ndi mwana wodwala ndipo panalibe wowauza zoona, n'chifukwa chake ndikufuna kudzakhala namwino ndi kubwerera komweko, kaya adzandilandira kaya adzandilavulira.

Ndiye anzanga, mandala musabwerekane ngakhale opemphayo akhale agogo anu, diso musathiremo utomoni kapena madzi a masamba alionse, ndipo mwana akadzuka zikope zitamatana, m'berekeni tsiku lomwelo mupite naye ku chipatala. Ngati kwanu ndi ku esiteti, kapitawo adzakalipa chifukwa cha dengu lopanda tiyi, inde, koma tiyi amaphukanso sabata yamawa, diso ayi.