Theka la piritsi la amayi

Moni nonse, ndine Tiyanjane.

Musade nkhawa, amayi ali bwino tsopano, akupuma. M'mawa uno akuchapa anamva chizungulire n'kukhala pansi pafupi ndi mpopi. Ine ndi amake Dalitso, aneba athu aja a kuno ku Nabvutika, tinathamanga nawo ku kiliniki pa takisi.

Anesi anapeza kuti BP yakwera kwambiri. Anafunsa kuti, "Amayi, tinakupatsani mankhwala a miyezi itatu kuti musamabwerebwere ndi korona uyu. Mukumwa?" Amayi anangoyang'ana pansi. Anayankha ndi amake Dalitso, misozi ili m'maso: "Tikumwa tonse awiri."

Amake Dalitso nawonso ali ndi BP, koma mankhwala awo atatha ankaopa kupita ku kiliniki, ati akawapisa kamtengo m'mphuno n'kuwatsekera. Ndiye m'mawa uliwonse amayi akhala akudula piritsi pakati ndi lezala, theka n'kuwapatsira pa mpanda. Lezala limenelo ndinkaliona pa windo, ine kumaganiza kuti n'lowengera zikhadabo!

Anesi anati, "Piritsi si mchere woti muzigawana pa mpanda." Amake Dalitso awapatsa mankhwala awoawo, ndipo palibe amene watsekeredwa. Pochoka, BP ya amayi inali itatsika. Mtima wanga wakhala pansi.

Amalume ku Kasenengwa, azakhali, mukuona bwanji? Ndizisunga ine botolo la mankhwala n'kumawapatsa amayi ndekha? Nditawafunsa amayiwo anati, "Iwe mwana, ndinakubereka ndine, lero uzindiwerengera mapiritsi?"

Koma lezala lokha ndabisa kale.