Ng'omayo Imati Chiyani?

Anagogoda masana, mwezi wa Okutobala, ine ndikuchonga mayeso a ana. Anali amuna awiri aulemu wawo. "Aphunzitsi, tengani jekete, tikacheze pang'ono." Macheza akewo anatenga zaka zinayi.

Mlandu wanga unali ng'oma. Tsiku lotsekera sukulu mwana wina analakatula ndakatulo ya chilala, ine ndikumuimbira ng'oma. Wapolisi wondifunsa analibe nawo ntchito mawuwo. "Mawu tinawamva. Nanga ng'omayo imati chiyani?" Ndinati ng'oma siyankhula. Anandiuza kuti ndiike manja patebulo. Zala ziwiri za kumanja sizipinda mpaka lero.

Kundende ananditsekera ndekha. M'chipinda choyandikana munali munthu amene sindinamuonepo nkhope. M'mawa uliwonse ankagogoda khoma ndi supuni, ine n'kuyankha. Lamulo lathu akaidi linali lakuti mnzako akagogoda umayankha, chifukwa ukakhala chete ndiye kuti akutenga. Ndinkadzifunsa za iye: ndi wamtali kodi? Kwawo n'kuti? Kagogodedwe kake kanali ka munthu wodziwa kuvina. Tsiku lina m'dzinja ndinagogoda ine, khoma linangoti zii. Msilikali anati, "Wasamuka ameneyo." Sindinafunse kuti wasamukira kuti.

Ponditulutsa anandipatsa jekete lija, njenjete zitalidya. "Pitani, koma musakaimbenso." Ndinamvera mpaka imvi. Ngakhale kuno kutsidya kwa nyanja, ku Dennistoun, kumene ine ndi mkazi wanga timakhala kwa mwana wathu wamkazi, alendo amadziwa kuti pakhomo pathu amaliza belu, sagogoda.

Chaka chatha mwana wathuyo, amene ndi namwino, anapatsidwa ndi mnzake wa ku China matikiti okaonera oimba a kwawoko. "Adadi, kuli ng'oma zambiri. Zikakuvutani tituluka." Ndinapita chifukwa cha chidwi basi: kodi anzathuwa ng'oma amawamba ndi chikopa chanji?

Oimba anadzaza bwalo, ena ndi zeze, ena ndi zitoliro zansungwi. Kutsogolo kunali mtsikana atazunguliridwa ndi ng'oma zofiira, ina yaikulu ngati mgolo. Anatiuza kuti nyimbo yonse yachokera pa ndakatulo ya munthu wopirikitsidwa kwawo, koma mawu munalibe ndi amodzi omwe. Ndinaseka chamumtima: wapolisi uja pano akanatuluka thukuta.

Pakati pa nyimbo onse analeka. Mtsikanayo anatenga kathabwa kamphako n'kukagogoda, kenaka n'kudikira. Anagogodanso, n'kudikiranso. Ndisanaganize n'komwe, dzanja langa lija linayankha pa thabwa la mpando.

Holo yonse inamva. Pamalo otere anthu akuno satsokomola ndi pang'ono pomwe. Mayi wina kutsogolo anacheuka, mwana wanga n'kundigwira mkono. "Adadi, pano sayankha." Mantha anandigwira ngati kale. Ndinazindikira kuti jekete ndanyamula kale, ndikudikira odzanditenga.

Palibe anabwera. Mtsikanayo anakweza maso kufunafuna kumene kwachokera yankho, anagogodanso, ndipo oimba onse analowa. Ndinalira, sindibisa.

M'basi mwana wanga anandifunsa moseka, osadziwa kuti funsolo ndinalimvapo: "Ndiye ng'omayo imati chiyani?"

"Imafunsa ngati ndilipo," ndinatero.

Chipata cha ndende chinatseguka kalekale, koma ine ndinatuluka tsiku limenelo. Titafika kunyumba ndinamuuza mwana wanga kuti abweze kiyi m'thumba. Ndinagogoda ndekha. M'katimo mkazi wanga anafunsa, "Ndani?"

"Ndine. Ndilipo."