Mbuzi Imene Anazinga Amalume

Ndikukumbukira malayini a asilikali kuno ku Lilongwe, kumene tinafikira bambo atawasamutsa kuchokera ku Zomba. Nyumba zake zinali zogundana moti ukayetsemula ankamva ndi a khomo lachitatu. Kumanja kunali Atumbuka, kumanzere Asena, ndipo moyang'anizana nafe munali a Sajeni Yusufu, Ayao achisilamu. Mwana wawo Asiyatu anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Pamalayinipo tinali ndi lamulo losalembedwa: mbuzi kapena nkhuku ya phwando amazinga ndi Msilamu, kuti aliyense adye nawo.

Tsiku limene ndinalandira Ukaristia woyamba, bambo anali atagula mbuzi. Amalume a ku Mitundu, munthu wosatha kukhala manja lende, analawirira kunola mpeni. Mayi potuluka kuti akaitane a Sajeni, anapeza chikopa atachiyanika kale.

"Achimwene, mwazinga ndinu?" anafunsa mayi, manja ali kumutu.

"Nanga mpeni wakwathu sudula?" anatero amalume, akudikira kuyamikiridwa.

Ine ndinalira mpaka diresi langa loyera linanyowa pachifuwa. Asiyatu anali atandiluka tsitsi dzulo lake, zala kuchita kumuwawa, ndiye paphwando langa adye mpunga ndi kabichi basi?

Mayi anayang'ana kukhola. Munali thadzi limodzi lokha, lija linkatiikira mazira. Analigwira okha n'kukalipereka kwa a Sajeni, omwe ananena pemphero lawo n'kulizinga. Poto anakabwereka kwa amayi ake a Asiyatu, popeza athu onse anali atakhudza kale mbuzi. Amalume, pofuna kubisa manyazi, anasosola nthenga atazyolika ngati mwana woswa kapu. Mazira tinawaiwala kwa miyezi ingapo, koma Asiyatu anadya ntchafu atakhala pambali panga, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Lero ndimakhala ku Area 12, kumene mipanda ndi yaitali ndipo woyandikana naye umamudziwira galimoto. Ndinkaganiza kuti zija zinatsalira kumalayini. Koma pa Khirisimasi yapitayi ndinagula nkhuku zamoyo ku msika wa Old Town, n'kukagogoda pageti la aneba amene ndinkangowaona akupita kumzikiti Lachisanu. Bamboyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana nkhuku, kenako anaseka.

"Mayi, munakulira kumalayini eti?"

Masana amenewo anabwera ndi banja lawo lonse, poto wawo ali m'manja.