Makina Opalira Matabwa a Bambo

Ndikukumbukira tsiku limene makina opalira matabwa anafika kwathu ku Nkhorongo. Ndinali mtsikana wa Sitandade 6. Bambo anali atangopuma ntchito ya ukalaliki m'boma, ndipo m'malo mobwerera kumudzi ku Dedza, anati tikhalebe ku Mzuzu. Anthu ankamanga nyumba paliponse, ndiye iwo anaganiza zotsegula malo opalira matabwa m'galaja yathu, momwe simunalowepo galimoto chiimangire.

Mvula inali itawaza kuyambira m'mawa, ndipo lole inakanika kukwera kamtunda ka kwathu. Anyamata a loleyo anatsetserekera chimakinacho pambali pa msewu n'kumapita. Chinali chobiriwira, chonunkha girisi, chozizira ukachikhudza.

A Mhango, aneba athu, anabwera ndi ana awo aamuna. Anayala matabwa pamatope, n'kulowetsa mapaipi achitsulo pansi pa makinawo kuti azigudubuzika. Ine ndinkatola paipi yotsalira kumbuyo n'kuthamanga nayo kutsogolo. Mayi anamanga chitenje m'chiuno, nawonso n'kuikapo phewa. Tikakankha pang'ono, chinthucho chinkabwerera, matope n'kutithovukira kumaso.

"Pachoko pachoko, adada," ankatero a Mhango. "Ichi sichifuna phuma."

Koma bambo mtima unali kale m'galaja. Pakhomo pake panali sitepe ya simenti. Anatenga mtengo wa bulugama, kuutsomeka pansi pa makinawo, n'kutukula okha ena asanagwire bwino. Ndinangomva kubuula. Anagwada m'matope, dzanja lili kumsana, milomo itauma. Anakana kuti awalowetse m'nyumba. Anakhala panjerwa, mvula ikuwanyowetsa, mpaka makinawo anakwera sitepe ija n'kuima pakati pa galaja.

"Yewo chomene," bambo anathokoza a Mhango m'Chitumbuka chawo chokhotakhota, akumwetulira ngakhale thukuta la ululu linali chuchuchu.

Patapita masiku anaitana munthu wa zamagetsi. Munthuyo anasuzumira pa mota, n'kupukusa mutu.

"Bwana, awa amafuna magetsi amphamvu, a kumafakitale. Kuno sanafike."

Bambo anayamba kuyenda m'maofesi, atagwira ndodo chifukwa msana sunachire. Kulikonse ankawauza kuti adikire. Kenako miyendo inayamba kuchita dzanzi, maulendowo n'kutha. Chimene sanasiye ndi kupukuta makinawo. Loweruka lililonse ankadzikoka kupita m'galaja ndi kansanza ndi botolo la oyilo, ine ndikuwanyamulira mpando.

Mayi anayamba kukazinga mandasi kuti tizidya. Tsiku lina tikukanda ufa, ndinawafunsa chifukwa chimene ankabwezera ogula zitsulo zakale omwe ankabwera pageti.

"Ine ndinkakayikira makinawa asanafike n'komwe," anatero osadzutsa mutu. "Ndinawauza bambo ako, sanamve."

"Ndiye munakankhiranji?"

"Ukanafuna akankhe okha?" Anakanda kwa kanthawi, kenako anati, "Tikagulitsa, m'mawa adzadzukira chiyani?"

Tinapitiriza kukanda ufawo.

Bambo anamwalira ndili Fomu 3, magetsi aja asanafike. Titatsala pang'ono kusamukira ku Dedza, mayi anavomera ogula zitsulo. Anabwera ndi moto wodulira, n'kuphwasula makinawo zidutswazidutswa. Chinthu chimene chinathyola msana wa bambo chinatuluka chitanyamulidwa m'manja ndi anyamata akucheza za mpira. Pansi panangotsala banga la oyilo.

Kusukulu ankatiuza kuti khama limapindula, ndipo ndinkakhulupirira. Lero ndine mayi wa ana, ndipo ndimadziwa kuti si nthawi zonse. Munthu ukhoza kupereka mphamvu zako zonse, osaba, osanama, chinthu osaphula kanthu. Ndimamvetsanso mayi, amene anasamala chiyembekezo cha mwamuna wawo iwo alibe chawo. Ndikadutsa pamene akupala matabwa mumzinda, ndimaima pang'ono kumvetsera. Makina a bambo sindikudziwa kuti ankalira bwanji.