Masamba a Pansi pa Matiresi

Mlamu wanga a Doris sadziwa kupuma. Ku Thambani kuno aliyense amawadziwa: m'mawa ali m'munda wa manachesi, masana pamsika, madzulo akusesa pabwalo pomwe asesa kale. Chowasowetsa mtendere ndi sukulu ya mwana wawo Tiyamike, amene akuphunzira za zomera ndi nyama ku yunivesite. Iwo anasiyira folomu wani chifukwa cha mimba, ndiye mnyamata akangopereka moni kwa mwanayo, mtima wawo umakhala m'mwamba.

Patchuthi cha kumapeto kwa dzinja, Tiyamike ankalawirira kudambo n'kubwera ndi masamba, maluwa ndi timizu. Aphunzitsi anali atalamula kuti aliyense aumitse zomera zakwawo, azilembe mayina, akapereke, apo ayi walephera phunzirolo. Koma mwana uja ndi wa phee ngati bambo ake, sanafotokozere munthu. Ankangoziyala pakati pa manyuzipepala n'kuzipsinja pansi pa matiresi kuti ziume zili zowongoka.

Tsiku lina iye atapita kuboma, a Doris anati ayanike matiresiwo padzuwa. Ndinangoona atulukira kwathu ali wefuwefu.

"Alamu, tabwerani mudzaone! Mwana uja wayamba zamankhwala. Mizu pansi pogona, mayina achilendo pambali! Izi n'zokopera mwamuna izi, sukulu yatha basi."

Ine ndinati tidikire mwiniwake, koma a Doris ndi kudikira sizigwirizana. Anaitana amayi awiri akutchalitchi, anapemphera mokweza, n'kutentha zonse kuseri kwa khola.

Tiyamike atabwera sanakalipe. Anayang'ana phulusalo n'kunena kuti, "Amayi, amene aja anali mayeso anga."

Ndinakwiya nawo mlamu wangayo, koma zimene anachita pambuyo pake zinandimvetsa chisoni. Anayenda ndi thumba dambo ndi dambo, mpaka kufupi ndi malire a Mozambiki, n'kumabwera madzulo kudzafunsa mwana kuti, "Nanga ili linalipo?" Mvula inali itasiya, maluwa ambiri atayoyoka. Zochepa zimene anapeza zinachita nkhungu m'chikwama cha Tiyamike chifukwa ananyamuka nazo zisanaume.

Zotsatira zitatuluka, mwanayo anaimba foni ine ndili pompo.

"Ndalephera, amayi, ndibwereza phunzirolo. Tchuthi chikubwerachi sindifika. Zomerazo ndikatolera kwawo kwa mnzanga ku Mulanje."

A Doris anangoti, "Chabwino mwanangu, ukadzisamalire," n'kundipatsa foniyo kuti ndiwadulire.